Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Feteleza wa ngongole ya kalabu

Ulendo wathawu ndinasiyira poti ndakhoza kupita sitandade 6 eti. Lero ndikambeko za kalabu ya alimi yomwe bambo analowa kwathu ku Ntcheu, chifukwa fizi yanga imachokera kumeneko, paja nthawi imeneyo pulayimale timalipira, yaulere inabwera 1994.

Nthawi ya Kamuzu ngongole ya ulimi imadzera mmakalabu, alangizi ndi amene amalemba maina ndipo ndalama mmanja simumaiona ayi, amakupatsani mbewu ya hayibulidi ndi feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mudzabweze mukakolola. Chikole samafuna koma lamulo lake linali lowawa, munthu mmodzi akalephera kubweza ndiye kuti kalabu yonse chaka chamawa osalandira, ndiye anthu amayenderana mminda kuona ngati mnzawo wapalira, wabandira, kapena feteleza uja wagulitsa.

Amayi poyamba amakana, amati hayibulidi pokonola mumtondo amangophwanyika, gaga wambiri mphale yochepa. Koma hayibulidi wotchedwa MH18 anali wolimba ngati chamakolo, anakonoleka bwinobwino, amayi phee. Munda womwewo umene chimanga chimatithera Disembala asanafike, chaka chimenecho nkhokwe inadzadza mpaka bambo analuka ina yaing'ono pambali. February tinadya nsima masana ndi madzulo, amayi osapita kuganyu, ndipo ichi ndi chimene anthu samawerengera akamakamba za ngongole, munthu wokhuta amalima munda wake nthawi yake mmalo mokapalira wa eni ake wako ukudyedwa ndi udzu.

Kunena za ndalama ndiye sizinali zambiri. Akagulitsa ku ADMARC nkubweza ngongole zotsala zimangokwana fizi, yunifomu, mchere ndi sopo basi. Phindu lenileni linali mmimba.

Kenako 1992 chilala chija. Chimanga chinauma chitangomasula ngayaye, feteleza yense ali munthaka, tinapulumukira chimanga chachikasu chathandizo. Koma ngongole inalipobe, mvula siyinasayinire nawo. Bambo anagulitsa mbuzi zawo, inayo ili ndi bere, kuti dzina lawo lisaipe pakalabu, ndimakumbukira amayi atakhala pakhonde osayankhula tsiku lonse.

1993 kunabwera riferendamu, mphekesera zinali ponseponse zoti ngongole za boma musabweze zikhululukidwa, ambiri anasiyadi, ena analibe chobwezera ena anali nacho. Dongosolo lonse linagwa. Bambo amene anabweza mpaka tambala yomaliza anakhala chimodzimodzi ndi amene sanabweze, kalabu kulibe, feteleza kulibe, tinabwerera ku chamakolo chopanda kuthira ndipo nkhokwe yachiwiri ija inangowola. Mpaka lero zimandiwawa, ngongoleyo inali yabwino, chimene chinasowa ndi kumumvetsa mlimi chaka chimene mvula yakana, kumupatsa nthawi osati kumugulitsitsa ziweto.

Feteleza tinadzamuonanso pakhomo 1998 ndi sitata paki ya a Muluzi, kathumba kongokwana kachigawo kamunda. Apo nkuti ine ndili kale ku Lilongwe kwa amalume, za ulendo umenewo tikamba gawo 7.