Tinawatsekera m'chipinda kuti asiye mowa

Lachinayi usiku, ku Ntcheu.

Ndikulemba izi pa foni nditadzifunditsa chitenje m'khonde la wodi ya amuna, kuno ku chipatala cha boma. Nthawi yadutsa 11 koloko. Achimwene agona, ndipo aka n'koyamba kutseka maso chichokereni Lolemba. Alamu atsamira khoma, akusinza buku la kuchipatala lili m'manja. Ine tulo tandithawa, ndiye ndati ndilembe za lero zisanasokonekere m'mutu, poti ndikudziwa kuti si ife tokha amene tili ndi munthu wotere pakhomo.

Achimwene ndi mlimi wa mbatatesi. Inu amene mumaimitsa galimoto pa Lizulu n'kumagula za m'ndowa, mwina munadyapo zawo. Chaka chatha mvula itachuluka chiwawu chinagwa m'munda, masamba onse kuda ngati awauka ndi moto, pomwe feteleza anali wa katapila. Mowa ankamwa kale, koma unali wa pa Loweruka, wochezera ndi anzawo. Ngongole ija itawakhala pakhosi unasanduka wa tsiku ndi tsiku. M'mamawa kachasu, akuti manja akhazikike. Madzulo timabotolo totchipa tija. Kwathu kuno malire ndi msewu wa M1 womwewo, munthu umangowoloka tala basi uli ku Mozambique, ndiye mowa susowa, kaya tsidya lino kaya tsidya linalo.

Lamulungu lapitali tinakhala pansi ngati banja. Atsibweni anati mankhwala a chidakwa ndi loko: atsekeredwe m'chipinda sabata yathunthu, azipatsidwa phala ndi madzi, mowa uchoke m'magazi. Amayi anavomera. Alamu anavomera akulira. Inenso ndinavomera, ndipo loko ndinakagula ndine. Tinachita zimenezi chifukwa chowakonda, koma tikanawapha.

Lero alamu anandiimbira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. "Alamu, bwerani msanga, achimwene anu sakutizindikira."

Ndinawapeza atadzipanikiza pakona, thukuta lili kamukamu, pomwe kunja chisanu cha Julayi chinali chitayeretsa udzu. Manja ali njenjenje, kapu ya madzi osatha kuifikitsa pakamwa. Ankatola zinthu pabulangete n'kumataya, kutolanso n'kutaya, akuti linthumbu lawakwera thupi lonse. Kenaka analoza kudenga kuti pamtanda pali njoka. Anandiyang'anitsitsa ine mlongo wawo, amene ankandibereka kumbuyo popita kudimba ndili wamng'ono, n'kundifunsa kuti wandituma ndani. Alamu anati dzulo usiku anagwa pansi n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu mpaka kudziluma lilime. Magazi anali atauma pakolala ya shati.

Amayi anati izi si za mowa ayi. Munthu watha masiku atatu osalawa, ndiye mowawo uchokera kuti? Apa pali dzanja la munthu. Atsibweni anatuma mwana kukatenga chingwe cha ng'ombe. Sindikuwanena amayi, chifukwa nanenso kwa kamphindi maganizo amenewo anandidutsira. Ukaona munthu wamkulu akuthawa njoka yomwe palibe, mutu umathamangira kumene unazolowera.

Anatipulumutsa ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, bambo amene amayeza ana kusikelo. Anamva phokoso akudutsa pa njinga. Sanafunse zambiri. "Mowa anamwa liti komaliza?" Titati Lolemba madzulo, anagwira pakamwa. "Chingwecho bwezani. Awa ndi odwala, ndipo matenda amenewa amapha. Pezani galimoto pompano."

Pa chipatala chaching'ono cha kwathu anawabaya jakisoni n'kutilembera kalata yopita ku boma. Kumsewu minibasi ziwiri zinaima, koma makondakitala atangowaona anati sanyamula amisala. Mawu amenewo akundipwetekabe mpaka pano. Munthu wophunzitsa ana atatu ndi khasu lake, lero dzina lake langokhala limenelo. Mapeto ake tinapangana ndi mnyamata wina wa galimoto yonyamula kabichi, ndipo tinatsetsereka mpaka ku boma achimwene atagoneka mutu pamiyendo pa alamu, ine nditawagwira mapazi.

Adokotala amene anatilandira anafunsa funso lomwelija la alangizi: anamwa liti komaliza, amamwa wochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Anawayeza malungo ndi shuga, poti zimenezinso zimasokoneza mutu mofananamo. Kenaka dilipi, mankhwala otchedwa diazepam oti thupi likhazikike ndi kuletsa kuphupha, komanso thiamine, yemwe ndi vitamini B1. Anati vitamini ameneyu amatha m'thupi la munthu womwa kwambiri amene sakudya mokwanira, ndipo akasowa ubongo umawonongeka.

Atamva za loko sanatikalipire. Anatikhazika pabenchi n'kutifotokozera, ndipo ndikufuna ndilembe monga ndinamvera. Munthu akamamwa kwambiri tsiku lililonse kwa miyezi, ubongo umazolowera kuti mowa uziupondereza, ndiye nawo umalimbikira kukankha. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, kukankha kuja kumatsala kokha, ngati ng'ombe ya pangolo yomwe yadula goli pamtsetse. Kunjenjemera, thukuta ndi kusanza zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24. Kuphupha kumakonda kubwera m'masiku awiri oyamba. Kusokonezeka, kuona zinthu zomwe palibe ndi kutentha thupi zimafika cha pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ndipo gawo limeneli, lomwe amalitcha delirium tremens, ndi limene limatenga moyo munthu akapanda kuthandizidwa. Zonse zomwe tinaona kunyumba zinatsatana ndendende momwemo. Si aliyense wosiya mowa amafika pamenepa, koma amene amadzuka akunjenjemera mpaka atapeza kapu ya m'mawa asamasiyire kunyumba payekha. Ayambe wapita kuchipatala, akasiye akuyang'aniridwa.

Masana kunabwera anesi oona za matenda a maganizo. Ine sindinkadziwa kuti pa chipatala chathu chomwechi pali anthu a ntchito imeneyi. Ndakhala ndikubwera kuno ndi ana, ndi amayi akadwala BP, koma m'mutu mwanga za maganizo zinali za ku Zomba basi, kumentolo, kumene timamva kuti amapita omangidwa zingwe. N'chifukwa chake alamu atangomva kuti "a zamaganizo" anadzidzimuka n'kunena kuti chonde amuna anga musawatumize ku Zomba.

Anesi aja anawagwira dzanja. Anati Zomba Mental Hospital ndi chipatala ngati zina zonse, cholandira odwala amene zipatala za m'maboma zaona kuti akufunika chithandizo chokulirapo, ndipo anthu amachira n'kubwerera kwawo. Koma ambiri safika n'komwe kumeneko. Amaonedwa konkuno, kulandira mankhwala ndi uphungu, n'kumabwera pa tsiku lomwe alemberedwa m'buku, ndipo m'chipatala cha boma salipiritsa.

Kenaka anatitengera pambali n'kufunsa funso lomwe palibe aliyense kwathu analimbapo mtima kulifunsa. "Bambowa anayamba anenapo zofuna kufa, kapena kudzipha?"

Ine ndinafulumira kuyankha kuti ayi. Alamu anakhala duu, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Patapita nthawi anayamba kulankhula motsitsa. Mwezi watha achimwene anawauza kuti, "Mudzandifuna, simudzandiona." Tsiku lina anaitana mwana wawo wachisamba n'kumulozera malire onse a munda, mtengo ndi mtengo. Jekete lawo labwino lija, lopita nalo kutchalitchi, anapatsa msuweni wathu popanda chifukwa. Alamu anati ankangoti ndi zolankhula za mowa, komanso ankaopa kuti akawafunsa ndiye awapatsa maganizo.

Apa ndi pamene misozi inanditsika. Ine ndimakhala mtunda wongoyenda wapansi kuchoka kwawo, ndimawaona pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zonse zomwe ndinkawauza zinali zoti akutichititsa manyazi. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Achimwene sanalire ndithu, ngakhale tsiku lomwe a katapila anabwera kudzanyamula malata omwe anasungira nyumba yatsopano. Anangoima pakhonde manja ali kumbuyo, madzulo ake n'kupita kukamwa.

Anesi anati kufunsa munthu mosapsatira ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Amene ali nawo kale nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Anati mawu otsanzika, kugawa katundu ndi kukonza zinthu ngati munthu wa paulendo si zoti tizizinyalanyaza, makamaka pamene pali mowa ndi ngongole, chifukwa mowa umachotsa mantha pa nthawi yomwe mtima wafika pothina. Anati mutu ukayera adzawafunsa okha, adzaonenso ngati pansi pa mowawu pali matenda a kukhumudwa, omwe ali ndi chithandizo chake. Ife anatipatsa ntchito ziwiri. Tisawasiye okha masiku ano, ndipo asanatuluke kunyumba kukhale kutachotsedwa chilichonse choopsa: mankhwala opopera m'munda, a makoswe, osungira chimanga, zingwe. Maganizo otere akuti amabwera mwamphamvu kenaka n'kutsika, ndiye ngati chinthucho palibe pafupi, munthu amafika m'mawa.

Mlimi wa mbatatesi nyumba yake imakhala yodzaza ndi mabotolo a mankhwala. Ndinaimbira msuweni uja nthawi yomweyo. Pofika 4 koloko anandiyankha kuti wasonkhanitsa zonse, za kuseri kwa chitseko ndi za m'nkhokwe, wakazitsekera kwa atsibweni. Anatinso jekete lija abweza.

Ndinafunsa za pambuyo pake, chifukwa kutuluka muno ndi kubwerera kumudzi komwe kachasu amatchezedwa kuseri kwa nyumba yachitatu. Anesi sanandinamize. Anati masiku ano a m'chipatala akungochotsa ngozi, ntchito yeniyeni ili kutsogolo, ndipo ambiri amagwa n'kudzukanso kangapo asanaime. Akadzagwa tisadzati zakanika, tidzabwere nawonso. Anatchula a St John of God, a mpingo wa Katolika, amene ali ndi zipatala za maganizo ku Mzuzu ndi ku Area 43 ku Lilongwe, komwe amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa, chamba ndi mankhwala ozunguza bongo. Anati tikafuna kumeneko tiyambe tafunsa za malo ndi malipiro, koma chachikulu n'choti mwini wake afune. Kwa ife a ku Lizulu, Lilongwe si kutali.

Kuseri kwa buku la achimwene ndalembako manambala, ndipo ndiwaikanso pano. Chipatala cha pa Foni ndi 54747 pa Airtel, kuimba kwake n'kwaulere, ndipo amayankha ndi azaumoyo. A YONECO a ku Zomba ali ndi 6600 ya nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso 116 ya ana. Iyi ya 116 ndaisunga poganizira ana a achimwene, amene aona zambiri miyezi imeneyi, ndipo wamng'ono uja wayambiranso kukodza pogona. Koma munthu akamaphupha, akasokonezeka, kapena akamwa china chake choopsa, musataye nthawi ndi foni kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye ku chipatala chomwe chili pafupi, ndipo botolo la chomwe wamwacho mulitenge.

Amayi anafika madzulo ndi basiketi ya ufa ndi nkhuni. Anaima pafupi ndi bedi nthawi yaitali osalankhula. Potuluka anandifunsa ngati abusa angabwere kudzapemphera. Ndinati abwere ndithu, achimwene amawakonda, koma dilipi isachotsedwe ndipo mankhwala asasiyidwe. Anagwedeza mutu. Kenaka anati, "Mwana wanga ndinamutsekera ngati mbuzi." Ndinawauza kuti tinamutsekera tonse, ndipo tonse tabwera naye.

Cha m'ma 9 koloko achimwene anatsegula maso. Manja akunjenjemerabe koma pang'ono. Anayang'ana dilipi, anayang'ana alamu, kenaka ine, ndipo ananditchula dzina langa la paubwana lomwe amanditchula iwo okha. Anapempha madzi. Ndinawagwirira kapu, iwo n'kusanjika dzanja lawo pamwamba pa langa, tinaifikitsa pakamwa tonse awiri. Atamwa anafunsa ngati kudimba kwathiriridwa. Ndinati msuweni wathirira. Anatsekanso maso.

Adokotala ati usiku uno ndi wa mawa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa, kusokonezeka kutha kubwereranso. Ndagwirizana ndi alamu kuti iwo agone mpaka 2 koloko, kenaka tisinthane. Mutu wawo ukayera, kaya Loweruka kaya Lamulungu, ndidzakhala pamphepete pa bedi n'kuwafunsa ndekha funso lija, ndi mawu ake enieni. Ndakhala ndikuliyeserera chamumtima kuno kukhonde, ndipo nthawi iliyonse pakhosi pakumauma.

Pomasula nsonga ya chitenje kuti ndipereke ndalama ya galimoto ya kabichi ija, ndinapeza kiyi wa loko ali pomwepo pamodzi ndi ndalama. Ndamupatsa mlonda wa pageti kuti akataye. Foni yatsala ndi moto wochepa, ndipo 5 koloko ndiyenera kukagwira malo pa mafuwa kukhitchini ya magadiyani kuti phala lipse msanga.