Lero gitala yanga yadutsa pa waya, osati pa maiki

Loweruka, usiku kwambiri. Ndangolowa m'nyumba, nsonga za zala zikuwawa, malaya ali fumbi lokhalokha. Ndilembe pompano, ndikagona zina ndiziiwala.

Ukwati unali ku holo ina m'mbali mwa msewu wopita ku Mwami. Tinanyamuka ku Kapata cha m'ma 9 koloko, ng'oma ndi masipika pa Canter, ine kumbuyo komweko nditakumbatira ampu yanga, chokuzira mawu a gitala, ngati mwana wodwala. Dzuwa la Okotobala kuno ku Chipata mukulidziwa nokha. Pofika, ampu inali itatentha kale isanayatsidwe n'komwe.

Pa mikisa, makina osakanizira mawu onse asanapite ku masipika, panali mdala uja tonse timamutcha amalume, ngakhale palibe wa ife amene ali nawo pachibale. Anayamba za zokuzira mawu ine ndili kumbuyo kwa amayi. Atandiona ndikukokera ampu kutsogolo kwa siteji, anangopukusa mutu.

"Mphwanga, lero maiki yokupatsa ndilibe. Ndabwera nazo zisanu ndi imodzi: zitatu za oimba, ziwiri za ng'oma, imodzi ya a MC. Gitala yako ilowa molunjika mu mikisa."

Mtima unandiwawa, ndisaname. Zaka zonsezi ndazolowera kuti maiki ya Shure SM57 iziima pamaso pa sipika yanga, pambali pang'ono, kuti zimene ndikumva ine n'zimene anthu amve. Ndinayesa kunyengerera kuti a MC azibwerekana maiki ndi oimba. Amalume anaseka. Ati kodi unamuonapo MC wa paukwati akusiya maiki m'manja?

Kumbuyo kwa ampu yanga kuli mabowo atatu: la sipika, la line out lotumizira mawu ku makina ena, ndi la mahedifoni. Mnyamata wothandiza amalume, wachangu kwambiri koma wophunzira kumene, anatola jeki n'kulunjika pa bowo la sipika. Amalume anali kutali, kumapeto kwa holo, koma mawu awo anafika jeki isanalowe.

"Iwe! Chotsa dzanja pamenepo!"

Anabwera okha, akupuma mwawefuwefu, n'kumufotokozera mnyamatayo modekha. Bowo limenelo limatulutsa mphamvu yokankha sipika, pamene mikisa imayembekezera kamphamvu kochepa chabe. Ukalumikiza ziwirizo, tchanelo chimapsa, mwina ndi ampu yomwe. Anapitiriza ndi phunziro limene sitinawapemphe: ampu ya mavalavu, ija imatentha ngati mbaula, siyenera kulizidwa popanda sipika kapena chinthu china cholandira mphamvu yake, apo ayi thiransifoma yake imaonongeka. Yangayi ndi ya mathiranzisita, nkhani imeneyi siikhudza kwenikweni, koma ndinamvetsera. Mdala akamaphunzitsa sumudula pakamwa.

Tinayamba ndi njira yachidule: jeki pa line out, waya wautali mpaka ku mikisa. Atangokweza feda ya voliyumu pa mikisa, holo yonse inadzaza ndi kung'ung'udza, mmmmm, ngati firiji yakale ya m'golosale. Amayi amene ankakongoletsa matebulo anatembenuka onse. Chifukwa chake sichinali chobisika. Ampu inali pa soketi ya kusiteji, mikisa pa soketi ina kumapeto kwa holo, ndiye waya wathu unalumikiza ma earth awiri, magetsi n'kupeza njira yozungulira. Kulirako ndi kwa magetsi athu enieniwa a 50 Hz. Komanso waya wa jeki ukatalika umatola phokoso lililonse la m'njira.

Wa bezi, amene nzeru zake zimabwera msanga kuposa za tonse, anati tingothyola chitsulo cha earth pa pulagi ya ampu, zithe. Ndaonapo anthu akuchita zimenezi, ndipo phokoso limathadi. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Nsambo za gitala zimalumikizana ndi earth imeneyo. Chinachake chikalakwika m'kati mwa ampu, uyu atagwira nsambo, milomo ili pa maiki, magetsi adutsa mwa ndani?"

Palibe anayankha. Ine ndinayang'ana zala zanga.

Apa m'pamene anatulutsa m'chikwama kabokosi kachitsulo kopalika utoto, kokwana m'dzanja. DI box, bokosi lolumikizira chida choimbira molunjika ku mikisa. Ndinkaiona ili pansi pafupi ndi wa kiyibodi, koma sindinaiganizirepo kuti ingandikhudze. Yawoyi ndi ya passive, m'kati muli kathiransifoma basi, siifuna batire kapena ma 48 volts ochokera ku mikisa monga zimafunira za active. Jeki yaifupi kuchoka pa line out kulowa m'bokosimo, kenako XLR, waya uja wa maiki, kuchoka m'bokosi kupita ku mikisa. Ubwino wa XLR, monga anandilongosolera akulumikiza, ndi woti mawu amayenda pa mawaya awiri, wina mowongoka wina motembenuzidwa. Phokoso la m'njira limalowa mofanana pa onse awiri, ndiye pofika ku mikisa limadzifafaniza lokha, mawu n'kutsala. Anadina pad, kabatani kochepetsa mphamvu yolowa, chifukwa line out ndi yamphamvu, nyali yofiira pa tchanelo n'kuzima. Kung'ung'udza kunachepa koma kunalipobe. Kenako anakankha kaswitchi kolembedwa ground lift, kodula kulumikizana kwa ma earth awiri aja.

Zii.

Ndinakanda nsambo. Mawu oyera, akuthwa, noti iliyonse payokha. Ndinayamba kumwetulira. Ndiye ndinaponda pedo ya overdrive, ija yopangitsa mawu a gitala kukhala okhakhala.

Amayo! Njuchi m'chitini. Kapena vitumbuwa zikamagwera m'mafuta otentha kwambiri. Woimba ng'oma anatseka makutu mwachipongwe. Chondidabwitsa n'choti pa ampu pompo, pafupi ndi mawondo anga, mawu anali okoma monga mwa masiku onse. Oipawo ankatuluka m'masipika akuluakulu okha.

Ichi ndicho ndaphunzira lero chimene sindinkachidziwa bwino, ngakhale ndaimba zaka zambiri. Sipika ya gitala, ya mainchesi 12 ija, ndi yogontha ku mawu apamwamba. Kupitirira cha m'ma 5 kHz imayamba kugwa msanga. Ndiye zonyansa zonse zimene overdrive imapanga kumwambako, sipika imazimeza, ife osazimva. Masipika akuluakulu aja, a PA, ali ndi matwita, timasipika ta mawu apamwamba, sabisa kanthu. Ukadumpha sipika ya ampu, wadumpha sefa. Kunena zoona, theka la mawu amene ndimanyadira kuti ndi anga ndi ntchito ya pepala lozungulira la m'sipika ya ampu ija ndimaikhalira ndikatopa.

Tinayesa bowo la mahedifoni, chifukwa pa ampu yanga limeneli lili ndi kotsanzira sipika m'kati. Mawu anakomadi, njuchi zinathawa. Koma ukangolowetsa jeki mmenemo sipika ya ampu imazima, ndipo monita, sipika yodzimvera pasiteji, inali imodzi yokha, ya oimba. Kuimba osadzimva kuli ngati kupalasa njinga usiku wopanda nyali. Tinabwerera ku line out. Amalume anatsitsa kwambiri HF, mawu apamwamba aja, pa tchanelo changa, n'kudulanso zapansi kuti ndisalimbane ndi bezi. Ine ndinachepetsa drive mpaka kutsala pang'ono. Sizinafike pa SM57, koma zinali zomveka. Kenako anandiuza ndiike ampu pampando, iyang'ane kwa ine osati kwa anthu, voliyumu pansi.

Akwati analowa cha m'ma 14 koloko. Ndipo apa ndivomere: pa nyimbo za kalindula ndi zija zovinira mzere wa operekeza, pamene gitala imayenda yoyera, ikudumphadumpha pamwamba pa bezi, njira yolunjikayi ndi yabwino kuposa maiki. Ng'oma sizilowerera, kulira kwa fidibaki kulibe, palibe maiki yoti munthu aikankhe ndi phazi povina. Nthungululu zinali ponseponse, azimayi achikulire akufupa ndalama mpaka kusiteji.

Cholakwa chinali changa, kamodzi. Nyimbo itafika pokoma, dzanja linapita lokha kukakweza master, voliyumu yaikulu ya ampu, monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinaiwala kuti pa ampu iyi line out imatsatira master. Gitala inalumpha m'masipika n'kukwirira oimba onse. Amalume anagwetsa feda, n'kundiloza ndi chala kuchokera kumapeto kwa holo. Ndinabweza msanga, osayang'ananso kumeneko mpaka nyimbo itatha.

Malaiti anapita cha m'ma 16 koloko, jenereta n'kulira. Ndinkaopa kuti kung'ung'udza kubwerera, koma ayi, kabokosi kanagwira ntchito yake.

Pa chakudya, mpunga ndi nkhuku, thobwa lozizira bwino, mlongo wathu woimba patsogolo anakhala pafupi nane.

"Achimwene, musakwiye. Lero ndi tsiku loyamba kudzimva ndekha ndikuimba nanu. Masiku onse ampu yanu imandiombera kumsana."

Ndinaseka, koma zinandilasa. Zaka zitatu tikuimba limodzi, osandiuza. Kapena ankandiuza, ine osamva chifukwa cha ampu yomweyo.

Pa solo ya mawu okhakhala ndikufunabe maiki pa sipika, pamenepo sindinasinthe, ndipo ndawauza amalume. Iwo ati ndisunge ndalama ndigule kabokosi kotsanzira sipika, kapena ndigule SM57 yangayanga ndisiye kulira. Andibwereka DI yawo mpaka Lachiwiri kuti ndiyeserere kunyumba. Popinda mawaya ndaona kuti XLR imodzi ili ndi pini yogwedera, mawa ndikachoka ku tchalitchi ndiiwotcherera.