Manja awiri pawindo la khitchini

Magolovesi a labala ndinayamba kuvala sopo waufa atandisakaza manja, khungu la m'mbali mwa zikhadabo likung'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Ndinagula achikasu aja ofika pakati pa mkono, okhala ndi tiubweya ta thonje mkati. Kutsuka mbale kunayamba kukoma. Chimene chinandivuta n'kuwasunga.

Oyambawo ndinkangovula, kuwakwinya, n'kuwaponya mu jumbo pansi pa sinki. Masiku atatu okha, fungo lake ngati usipa wovumbidwa ndi mvula. Dzanja limatuluka thukuta, ndipo mukakweza mkono kuti muike mbale pamwamba, madzi amatsetsereka n'kulowera kukamwa kwa golovesi. Thonje lija limamwa zonsezo, labala sapitisa mpweya, ndiye mkatimo mumamera chuku cha madontho akuda. Ine ndinalimba mtima n'kupisabe dzanja. Chala chapakati chinapeza muli kale mwini nyumba, mphemvu yaikulu, nayonso ikufuna potulukira. Mmene ndinavinira tsiku limenelo, ngakhale pachinkhoswe changa sindinavine choncho.

Achiwiri ndinati awa ndiye aone dzuwa. Ndinkawayanika pathandala pamodzi ndi mapoto, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Ndinaiwala kuti labala ndi utomoni wa mtengo, ngati ija ya ku Vizara ku Nkhata Bay, ndipo dzuwa ndi kutentha zimamudya. Amayamba kunanda, kenako amauma n'kuchita timing'alu. Milungu iwiri isanathe zala zinamatirirana ngati maswiti oiwalika m'thumba. Pozilekanitsa, chala chachikulu chinatsalira m'dzanja langa. Pafupi ndi mbaula zimachitika zomwezo, kungoti mwachangu. Mafuta nawonso ndi mdani: ophikira mukawasiya osawatsuka, palafini, ngakhale Vaseline amene mwadzola musanavale, onsewo amafewetsa labala mpaka atabooka.

Pofika achitatu ndinali nditaphunzira, ndipo njira yake ndi iyi. Povala, pindani kukamwa kwa golovesi masentimita atatu kapena anayi kuti pakhale kangalande kogwira madzi. Mukatha mbale, musavule msanga. Sambani m'manja muli chivalire, ndi sopo, ngati mukusamba manja enieni, makamaka pakati pa zala pamene pamabisala mafuta. Tsukuluzani, pukutani ndi kansalu. Povula gwirani kukamwa n'kukoka kuti mkati mutulukire kunja, musakoke kunsonga za zala chifukwa m'pamene pamayambira kubooka. Zala zikakanirira mkati, kolani mpweya m'golovesimo pogwira kukamwa n'kufinya, zimatumphuka zokha. Mkati ndimo muyenera kuyamba kuuma, pamthunzi podutsa mphepo. Nyengo yotentha maola awiri kapena atatu akwana, nthawi ya mvula alekeni usiku wonse. Akauma, abwezereni mmene analili.

Kamodzi pamlungu muwachape mkatimo ndi madzi ofunda, osati otentha, ndi sopo pang'ono. Mukawakayikira, thiranimo madzi n'kufinya chala chimodzichimodzi, kabowo kamadziulula kokha. Paudala wa ana, kotsina ndi zala ziwiri, amathandiza kuti asamatirire, koma golovesi akhale wouma gwa. Ine paudala atatha ndinathiramo ufa woyera mkati muli chinyezi, m'mawa mwake ndinapeza phala.

Pouyanikira ndiye panali luso langa lonyadira. Pachingwe ndi mapegi zimatheka, bola mupane kunsonga ya chala, kukamwa kuloze pansi kuti madzi adonthe. Koma pegi imasiya chipsera palabala, ndipo mbali ziwiri za golovesi zimagundana. Ndinatenga mabotolo awiri a Sobo opanda kanthu, n'kuthiramo mchenga kuti asagwe, n'kuveka golovesi lililonse pabotolo lake. Limaima chilili, lotseguka, zala zisanu zili tambalala kuloza kudenga. Ndinawaika pawindo la khitchini, loyang'ana kumene sikufika dzuwa.

Mlungu womwewo apongozi anabwera kuchokera ku Ntcheu. Usiku magetsi anazima, kunja kuli mwezi. Cha m'ma 1 koloko mayi aja anadzuka kukafuna madzi akumwa. Tinangomva kapu kuti phwaa, kenako mfuu.

"Mayo ine! Wakuba! Walowetsa manja pawindo!"

Bambo a kunyumba anadzambatuka n'kutola chikolopa, chibonga chili pompo pakhomo. Oyandikana nawo anayamba kuimba malikhweru, agalu kuuwa, wina akumenya chidebe. Ine ndikuti ndilankhule, mawu osatuluka chifukwa ndinali nditazindikira kale wakubayo. Pofika kukhitchini ndinapeza apongozi atagwira mthiko ndi manja awiri, akukwapula.

"Amayi, pepani, amenewo ndi magolovesi anga!"

"Apongozi, khalani kumbuyoko! Winayu ndamugwetsa, watsala mmodzi!"

Anali atamugwetsadi. Botolo linali pansi, mchenga uli mbwee khitchini yonse, dzanja lachikasu lili gone pafupi ndi ndowa. Anthu anaunika ndi matochi a foni pawindo, n'kuona dzanja lotsalalo lili chiimire ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. Bambo wina amene anabwera ndi chikwanje, atavala chitenje cha akazi ake, anangotembenuka osatsanzika.

M'mawa apongozi anatola golovesi lija, kulitembenuza, kulinunkhiza, n'kuvomera kuti lauma bwino ndithu ndipo silikununkha. Kenaka anandiyang'ana.

"Koma apongozi, kwathu manja timagona nawo. Inu mumawasiya pawindo?"

Masiku ano mabotolo aja amakhala kuseri kwa chitseko, pansi, ndipo magolovesi akauma ndimawagoneka chogona mudilowa, osapinda, kutali ndi mipeni ndi mafoloko. Ana a pamzere wathu sanaiwale. Ndikamadutsa popita kumsika amakweza manja onse awiri, zala zili tambalala, osanena kanthu.