Mafunso a ntchito ya chitetezo cha makompyuta: mmene ndinadutsira

Foni yoyamba sichokera kwa injiniya. Amaimba ndi wolemba anthu ntchito wa kampani imene mwafunsirako ntchito, ndipo zake ndi zachidule: mukugwira kuti, mukufuna malipiro otani, mungasamukire ku Dublin, likulu la Ireland, kapena ayi. Ine ndinamufunsanso kuti mafunso akubwerawo akhala a mtundu wanji, ndipo anandiuza mosabisa. Funsani, sakana.

Kenako kunabwera injiniya pa vidiyo. Za pepala langa la OSCP, la mayeso a luso lofufuza mabowo a chitetezo m'makompyuta, sanazikhudze n'komwe. Lija linangothandiza kuti CV yanga isatayidwe. Anandipatsa mizere ya log (kaundula wa zochitika) ya seva, akuti ndilembe pulogalamu ya Python yopeza maadiresi a IP amene alephera kulowa kambirimbiri m'mphindi imodzi. Anzathu ambiri a zachitetezo amati kulemba mapulogalamu n'kwa ena. Kumakampani akuluakulu zimenezo kulibe. Sayembekezera zozizwitsa, koma dictionary (njira yosungira zinthu ndi mayina ake mu Python) ndi regex (njira yofufuzira mawu m'zolembedwa) zikhale m'zala.

Tsiku lalikulu ndi lija amakupatsiranani anthu angapo, aliyense pafupifupi ola. Funso limene linanditulutsa thukuta linaoneka lachibwana: chimachitika n'chiyani munthu akalemba dzina la webusaiti n'kudina Enter? Ndinayamba ndi DNS (yosandutsa dzina kukhala adiresi ya IP), kenako TCP (yolumikiza makompyuta awiriwo), kenako TLS (yobisa uthenga ndi kutsimikizira seva pogwiritsa ntchito satifiketi). Ndisanamalize, mayi amene ankandifunsawo anandidula: "Satifiketi ya seva ija mwaikhulupirira chifukwa chiyani?" Nditayankha, iwo: "Nanga amene anaisainawo atawabera makiyi?" Apa ndinatchula DigiNotar, kampani ya ku Netherlands yosaina masatifiketi otere, imene akuba anailowerera mu 2011 n'kupanga masatifiketi abodza a Google. Chrome, Firefox ndi anzawo anasiya kuikhulupirira, ndipo chaka chomwecho inagwa. Mayiwo sanakhutirebe, anafuna kumva mmene satifiketi yabodza ingadziwikire msanga masiku ano. Amakumba pamalo amodzi ngati chitsime mpaka khasu ligunde mwala. Nzeru zikakutherani nenani, ndipo fotokozani mmene mungafufuzire. Bodza salichedwera, poti funso lotsatira limatsamira pa yankho lanulo.

Wina anandijambulira dongosolo limene kasitomala amatumiza link ya chithunzi, seva n'kukachitenga yokha. Akuti, inu mutakhala wakuba mungalowere pati? Yankho ndi SSRF: kuipusitsa seva kuti ikagogode pakhomo lamkati, monga adiresi 169.254.169.254 imene pa AWS (maseva obwereketsa a Amazon) imapereka makiyi akanthawi. Njira imeneyi inamveka kwambiri pa nkhani ya banki ya ku America ya Capital One mu 2019, pamene zinsinsi za anthu oposa 100 miliyoni zinabedwa. Koma kuloza bowo sikunawakwane. Anandifunsa kuti pa mabowo onse amene ndatchula, ndiyamba kutseka liti ngati mainjiniya andipatsa sabata imodzi yokha, ndipo amene akuthamangira kutulutsa pulogalamu yawo ndiwauza chiyani. Kwa ine, ntchito yeniyeni ili pafunso limeneli. Mndandanda wa mabowo ofala wa bungwe la OWASP aliyense akhoza kuuloweza.

Za Log4Shell, bowo limene linamveka mu Disembala 2021 m'pulogalamu yolemba ma log ya Log4j, anangozikhudza pang'ono: mukanayambira pati? Poyamba n'kudziwa makina amene muli Log4j, poti simungakonze chimene simukudziwa kuti muli nacho.

Chotsala chinali za khalidwe: nthawi imene munasemphana ndi mnzanu wa ntchito, nthawi imene munakanidwa. Ife tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, choncho timabisala kumbuyo kwa gulu. Iwo akufuna kumva zimene munachita inuyo, ndi chimene chinatulukapo. Nkhani zanga ndinazilemberatu papepala, n'kumaziyeseza mokweza kunyumba.

Yankho linadzera kwa wolemba ntchito uja. Pafoni sindinavomere kalikonse. Ndinapempha kalata, chifukwa gawo lina la malipiro limakhala masheya amene amakupatsani pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo mukachoka msanga otsalawo mumawasiya. Ndinafunsanso amene ayendetse za Critical Skills Employment Permit, chilolezo chogwirira ntchito ku Ireland, ndi tsiku limene akufuna ndiyambe.