Momwe ndinasankhira kawotchi kowerenga masitepe ndi ndalama zochepa

Adokotala atandiuza kuti BP yayamba kukwera ndipo ndiziyendako pansi tsiku lililonse, ndinaganiza zopeza kawotchi kapamkono kowerenga masitepe. Thumba linali lopepuka, choncho za Apple Watch ndi Garmin sindinaziganizireko n'komwe.

Ndisanapite kusitolo ndinayambira pa foni yanga. Kawotchi kotere kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth kudzera mu pulogalamu yake, ndipo foni ikakana pulogalamuyo ndiye kuti mwagula chibangili chabe. Xiaomi Smart Band imafuna Mi Fitness, Amazfit imafuna Zepp, Huawei Band imafuna Huawei Health, yomwe ambiri amakaitenga ku AppGallery, sitolo ya mapulogalamu ya Huawei. Galaxy Fit3 ya Samsung, yotuluka mu 2024, sigwira ndi iPhone. Ndinagula bandulo n'kuyesa kuika mapulogalamuwo pa kafoni kanga ka Android kuti ndione yomwe ikutseguka osajema. Fitbit, yomwe Google inagula mu 2021, ndinaisiya msanga: mtengo wake unali wokwera, ndipo zina mwa zabwino zake zinali mu Premium yolipira mwezi ndi mwezi ndi khadi la kubanki. Ndi vuto la forex lomweli, ayi ndithu.

Kumsika n'komwe mutu umazungulira. Pamabenchi ogulitsira matchaja ndi makava a foni pamakhala tiwotchi tolembedwa M6 kapena M7, tooneka ngati Mi Band ya Xiaomi, totchipa kwambiri. Pakatoni pamalembedwa kuti timayeza kugunda kwa mtima, mpweya wa m'magazi, BP, tina mpaka shuga. Apa m'pomwe ndinakayikira. BP kuchipatala amayeza ndi lamba wofinya mkono uja, shuga amachita kubaya chala; ndiye kawotchi ka mtengo wa nkhuku kangathe bwanji zonsezo ndi kanyali kobiriwira ka kunsi kwake kokha? Kwa munthu yemwe BP ikumuvutadi, nambala yabodza ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo.

"Achimwene, ndingayeseko kaye?" Wogulitsa woona mtima sakana. Ndinavala, n'kuyenda masitepe 100 ndikuwerenga chamumtima, kenako ndinayang'ana pasikirini. Kusiyana ndi atatu kapena asanu si nkhani. Za mtima ndinaika zala pamtsempha wa padzanja, n'kuwerenga kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Kenako ndinadumphadumpha pang'ono pomwepo, anthu akundiseka. Kawotchi koona nambala yake imakwera. Kabodza kamangosinthasintha manambala omwewo ngati munthu wakhala pansi.

Ngakhale kenikeni kali ndi malire. Mkati mwake muli kachipangizo komva kugwedezeka kwa mkono, sikaona mapazi ayi. Mukamachapa, kusinja kapena kukwera kabaza pamsewu wa mabampu, kamakuwonjezerani masitepe omwe simunayende. Mukamakankha wilibala kapena njinga yonyamula katundu, mkono sugwedezeka, ndiye kamakuberani. N'chifukwa chake ine ndimavala kumanzere, poti ntchito zambiri ndimagwira ndi lamanja.

Chomwe chinandigamulira nkhani ndi batire. Mawotchi ambiri a sikirini yaikulu oyankhira foni amafuna kutchaja pakangopita masiku ochepa, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsiku sindinkafuna chinthu china cholimbirana soketi ndi foni. Xiaomi imati Smart Band 8 ya mu 2023 imafika masiku 16, Band 9 ya mu 2024 masiku 21. Mukasiya sikirini yoyaka nthawi zonse masikuwo amachepa kwambiri, koma mukapanda kutero, kudutsa sabata osatchaja si chachilendo. Ndinatenga Band 8 chifukwa yatsopano ikatuluka yakale imatsika mtengo, pomwe ntchito yowerenga masitepe ndi yomweyo. Yalembedwa 5 ATM, kutanthauza kuti mvula, thukuta ngakhale kusambira siziiwononga. GPS ilibe, mukafuna mapu a komwe mwayenda, muzinyamula foni.

Ndisanapereke ndalama ndinailumikiza ku Mi Fitness m'sitolo momwemo. Yabodza imakana, n'kukutumizani ku pulogalamu ina yosadziwika. Ndinafunsanso ngati ndi ya global, chifukwa zina zimabwera zopangidwira msika wa ku China, ndipo ngati amagulitsa tchaja ndi lamba wapadera. Tchaja yake ndi ya maginito, si iyi ya foni. Ikasowa simungabwereke kwa aneba. Lisiti ndinaitanitsa, ndipo ndinawapempha alembepo masiku obwezera ikavuta.

Kunyumba ndinafunika kusintha chinthu chimodzi pa foni. Android imakonda kutseka mapulogalamu pofuna kusunga batire, ndiye ndinalowa mu Settings n'kulola Mi Fitness kuti izigwirabe ntchito foni ikatsekedwa. Popanda zimenezo mauthenga safika pamkono.

Za masitepe 10,000 patsiku musazitenge ngati lamulo la achipatala. Nambalayi inatchuka ku Japan cha m'ma 1965, pomwe kampani ya Yamasa inkatsatsa kachipangizo kake kowerenga masitepe. Ine sabata yoyamba ndinangovala osasintha kalikonse kuti ndidziwe momwe ndimayendera, kenako ndinaika cholinga chokwererapo pang'ono, n'kuyamba kutsika minibasi siteji imodzi ndisanafike kuntchito. BP ndimakayezetsabe kuchipatala.