Fumbi la mu ayisi ya ku Antarctica, kwao nkuti?

Fumbi nalo lili ndi kwao anzanga. Kuno ku Chipata mwezi wa October galimoto ikangoima pa Kapata anyamata amangoiyang'ana kumbuyo nkunena kuti iyi yadzera ku katondo, iyo yachoka kwa mchenga, osafunsa ndi dalaiva yemwe. Asayansi nawo ntchito yawo ndi yomweyo, kungoti fumbi lawo ndi la zaka masauzande mazanamazana ndipo analipeza mkati mwa ayisi.

Ku Antarctica chipale chikagwa sichisungunuka, chimangosanjikizana chaka ndi chaka mpaka chapansi chija kusanduka ayisi wolimba, ndipo kalikonse kamene kanali mumphepo nthawi imeneyo kamatsekeredwa momwemo. Ndiye iwo amaboola ndi makina nkumatulutsa ayisi wooneka ngati mipaipi. Pa Vostok, malo ofufuzira mkati mwa Antarctica, anafika mamita 3,623 pansi mu 1998, ayisi amene anawawerengera zaka 420,000. Pa malo ena otchedwa Dome C gulu la ku Ulaya la EPICA linatulutsa wa zaka 800,000. Ndipo mu January 2025 analengeza kuti pafupi pomwepo afika pa ayisi wa zaka 1.2 miliyoni.

Lomba fumbi lake musaganize ili lotidetsa makolala. Kambewu kamodzi ndi pafupifupi ma micron awiri (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), tsitsi lanu ndi chimtengo poyerekeza, chifukwa zolemera zonse zinagwera panjira m'nyanja. Komanso nlochepa zedi moti amasungunula ayisi mu labu yoyera kuposa chipinda cha opareshoni, atavala zophimba thupi lonse, poopa kuti fumbi la pa malaya awo lingasokoneze zonse.

Mbali imene ine imandikomera ndi ya kudziwa kwao kwa fumbilo. Mumiyala muli mtundu wa chitsulo wotchedwa rubidium-87 amene pang'onopang'ono, pa zaka mabiliyoni, amasanduka strontium-87. So mwala ukakhala wakalekale, monga iyi ya m'mapiri otizungulira kuno, strontium-87 amakhala atachulukamo, pomwe mwala wongotuluka kumene mu volcano amakhala ochepa. Neodymium, chitsulo china cha mumiyala, nayenso ali ndi kawerengedwe kake. Mwala ungaperedwe bwanji, ungauluke makilomita masauzande angati, manambala awiriwa sasintha kwambiri ayi. Basi anthu aja anayenda nkumatapa dothi ku Australia, ku New Zealand, kummwera kwa Africa kuno, ku South America, kuyeza lililonse, kenako kufananiza ndi la mu ayisi lija. Limene linagwirizana kwambiri, makamaka la nthawi zozizira (zimene dziko lonse linkazizira kwa zaka masauzande ambiri), ndi la ku Patagonia, kumunsi kwa Argentina ndi Chile. La mu ayisi ya ku Greenland, kumpoto uko, munthu ukanati ndi la ku Sahara kapena ku America poti nkufupi, koma ayi, lambiri linachokera kuzipululu za ku China ndi Mongolia, Taklamakan ndi Gobi.

Nanga bwanji Patagonia? Zaka ngati 21,000 zapitazo dziko litazizira kotheratu, nyanja inatsika mamita pafupifupi 120, gombe la Argentina linatambasuka nkukhala chigwa chouma, kwinaku ayisi wotsetsereka m'mapiri a Andes akupera miyala kukhala ufa, mitsinje nkumaumwaza pambalambanda, mphepo ya kumadzulo ija nkumangonyamula. Mvula nayo inali yochepa ndiye panalibe choligwetsa msanga. Pa Dome C fumbi linkagwa nthawi zozizira linali lochuluka mwina ka 25 kuposa la nthawi zofunda.

Ndipo silinkangouluka chabe. Lili ndi ayironi, amene tizomera ting'onoting'ono ta m'nyanja ya kummwera timamusowa. John Martin, wasayansi wa za m'nyanja, mu 1990 anakamba kuti fumbi limeneli linali ngati fetereza, tizomera tikachuluka timakoka carbon dioxide mumlengalenga, ndipo mpweya wa mu ayisi womwewo umaonetsadi kuti nthawi zozizira carbon dioxide anali cha pa 180 ppm (magawo 180 pa miliyoni), zofunda cha pa 280. Osati zonsezo ndi fumbi lokha ayi, koma dzanja lake lilipo.

Pamene pakali mkangano ndi pa nthawi zofunda ngati inoyi. Fumbi limachepa kwambiri, manambala aja amasakanikira, ena akuti Australia anathirako, ena akuloza kummwera kwa Africa kuno, kumene kuli zigwa zouma zamchere ngati Makgadikgadi ku Botswana ndi Etosha ku Namibia zomwe zimafuka fumbi looneka ndi pa satelayiti pomwe. Ine ndimaona ngati a Africa tinachedwa kuganiziridwa chifukwa dothi lathu silinayezedwe mokwanira poyerekeza ndi la ku Argentina, ndipo sungapeze kwao kwa fumbi ngati kwaoko sunapiteko kukatapa.