Khalani pa blade, kompresa muimvetsa

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso limene linkandisowetsa tulo ndi ili: mu injini ya CFM56, ya pa Boeing 737 ija, bwanji kompresa (chopanikiza mpweya) ya high pressure ili ndi ma stage 9 (stage ndi mzere wa ma blade ozungulira, rotor, pamodzi ndi mzere wa ma blade osayenda, stator), pomwe turbine yoipukusa ili ndi stage imodzi yokha? Shafti ndi imodzi, ntchito ndi yomweyo. 

Chinanditsegula mutu ndi kusiya kuonera mpweya ndili chiimire panja. Khalani pa blade ya rotor, muzizungulira nayo. Mukamauonera muli pa blade, mpweya ukubwera mothamanga pa liwiro lotchedwa W1, ukuchoka utafooka pa liwiro lotchedwa W2. Basi, rotor ndi diffuser, njira imene mpweya umachepa liwiro pressure n'kukwera. Stator nayonso ndi diffuser. Paliponse mpweya ukukankhidwira kumene pressure ikukwera, ndipo wa mu boundary layer, woyenda mokhudzana ndi blade, ndi wotopa kale. Uli ngati wakabaza wonyamula matumba a chimanga pachitunda: chitunda chikangokula pang'ono njinga imaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Separation, mpweya kusiyana ndi blade, ndi imeneyo, stall ndi imeneyo. N'chifukwa chake kompresa imafuna ma stage ambiri, iliyonse ikukweza pressure pang'ono. Koma mu turbine pressure ikutsika, ndiye mpweya mutha kuukhotetsa kwambiri pa stage imodzi koma osasiyana ndi blade.

Lamulo la opanga kompresa lotchedwa de Haller, loti W2/W1 isatsike pansi pa 0.72, likungonena malire a kufooka kumeneku. Diffusion factor ya Lieblein, ya ku NACA (bungwe la ku America limene linadzakhala NASA) mu 1953, ndi nkhani yomweyo, kungoti yokha imawerengeranso kutalikirana kwa ma blade. Ndipo A. A. Griffith, katswiri wa ku Britain, anali atanena kale mu 1926 kuti ma blade a nthawi imeneyo ankagwira ntchito ali mu stall, akufunika kuumbidwa ngati phiko la ndege. Ngakhale Jumo 004, injini ya jet ya Ajeremani, inafuna ma stage 8 kuti pressure ingokwera pafupifupi katatu.

Zonsezi ndaziona ndi pensulo ndi rula, pojambula pamanja velocity triangle, chithunzi cha liwiro la mpweya ndi la blade. Ine ndikuti munthu asaloledwe kukhudza CFD, kuwerengera kayendedwe ka mpweya pa kompyuta, asanadzaze kope lonse ndi ma triangle. Kompyuta imakupatsa zithunzi zokongola zofiira ndi zobiriwira, koma triangle ndi imene imakuuza chifukwa chake.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi athu relative frame, kuonera mpweya uli pa blade kuja, anangoidutsa ngati akuthawa mvula, bolodi lonse n'kudzaza ma equation. Ukafunsa, akuti silabasi ndi yaitali. Komabe sindingawadzudzule kwambiri, mayeso ali pakhomo ndipo surge, mpweya kubwerera m'mbuyo mu kompresa yonse, sitinaiyambe n'komwe.

Pamene pakundivutabe ndi pa Rotor 37, rotor ya kompresa yoyesera ya NASA: ma blade 36, ma rpm opitirira 17,000, pressure kukwera ka 2.1 pa rotor imodzi. Kunsonga kwa blade mpweya ukufika mothamanga kuposa liwiro la phokoso, ndipo shock, pamene pressure imalumpha mwadzidzidzi, ndi imene ikupanikiza gawo lalikulu. Kodi pamenepo W2/W1 yangayi ikadali ndi mawu? Mwina inde, poti shock nayo imachepetsa liwiro, komanso imamenya boundary layer yotopa ija. Kaya, ndiyesa kujambula mawa.